Nanga Dedza mwaisiyiranji?

Achimwene olemba nkhaniyi, mwati ochoka ku Blantyre kupita ku Karonga azipumira mu Lilongwe, koma ine ayi ndakana, mtauni munthu sapuma, phokoso lokhalokha ndi ndalama kungotha. Ife mu Juni tinali anayi galimoto imodzi, draiva wathu atayamba kusinza titangodutsa pa Lizulu tinagwirizana zogona kwa mnzathu wa ku sukulu pa Dedza boma, mawa lake osayenda ayi. Kuzizira kwake kuja eeh, tinadzuka mochedwa, mayi ake atatiphikira kale tiyi ndi kachewere tinagula pa Lizulu uja, kenaka mnzathuyo anatitengera ku Chongoni kukaona zojambula za makolo m'miyala, malo omwe UNESCO, bungwe loona za chikhalidwe pa dziko lonse, inawazindikira mu 2006 koma ambirife timangodutsa pa M1 osadziwa n'komwe. Ine zinandikhudza zedi. Madzulo tinangokhala pakhonde titafunda zitenje, kuotcha chimanga, nkhani za kusukulu mpaka usiku.

Inu oyenda mtunda wautali, makamaka ngati draiva ndi mmodzi, chonde mpatseni tsiku lathunthu agone, msewu wa ku Chiweta uja sufuna munthu wotopa.