Musandiuze za chiperoni, ku Glasgow kutentha timachita kugula

Anthu a ku Blantyre tili ndi matama ena ake pa nkhani ya kuzizira. Munthu akangokulira ku Ndirande kapena ku Bangwe, n'kuwoloka Juni ndi Julayi ndi juzi imodzi, basi amadziona katswiri, amvekere "ife kuzizira timakudziwa, si ife a ku Nsanje." Ndabwera kutchuthi kuno ku Chilomoni ndipo mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa, makamaka kwa achinyamata amene akusaka njira yopitira kunja. Amangwetu, chiperoni si kuzizira ayi. Chiperoni ndi kamvula kowaza kaja, kamakhala masiku angapo kenako dzuwa latuluka, agogo ayala mphasa kuseri kwa nyumba akuwothera osalipira munthu. Kumene ndimakhala ine ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland m'dziko la UK, kutentha timachita kugula, ndipo kumadula kuposa ndiwo.

Chimene palibe amakuuza uli kuno ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, 4 koloko isanakwane lalowa kale, komanso kunena kuti limatuluka ndikungolipatsa ulemu, nthawi zambiri kumwamba kumangokhala mbuu tsiku lonse. Ine ndimasamalira okalamba, shifiti ya 8 mpaka 8, nde ndimachoka panyumba kuli mdima kubwerera kuli mdima, sabata kutha osaliona dzuwa ndi maso. Kumapeto kwa Okutobala amabwezanso mawotchi ola limodzi m'mbuyo, kusiyana ndi kuno kumakhala maola awiri, koma amayi zimenezo siziwakhudza, iwo akadzuka 6 koloko kukasesa pabwalo foni yalira, "wadzuka bwanji mwana wanga", kwa ine ili 4 koloko ndili mkati mwa mabulangete mphuno yokha panja.

Jekete yanga yoyamba ndinagula pa kaunjika ku Limbe, wogulitsayo anachita kulumbira kuti "iyi mayi ndi ya ku Canada, mukatuluka nayo thukuta." Bodza lenileni. Kuzizira kwa uko n'konyowa, kumabwera ndi mphepo ndi mvula yopingasa yoti ambulera imangotembenuka, ndipo kumalowa mpaka m'mafupa. Anzanga a ku Zimbabwe kuntchito ndi amene anandiphunzitsa kuti nkhani si jekete imodzi yonenepa koma kusanjikiza, kamalaya kothina mkati, juzi pamwamba, kenako jekete yosalowa madzi, sokosi ziwiriziwiri, chipewa chophimba makutu. Ukakhala pa siteji kudikira basi opanda magolovesi zala zimauma gwaa ngati makaka, ndiye ukafika m'nyumba zikayamba kutenthedwa ndi pamene zimawawa mpaka misozi. Palinso madzi oundana osaoneka aja pamsewu, umangoti pangonyowa apa, kuponda kamodzi wapezeka uli chagada, chikwama uko foni uko, azungu akuzungulira kukufunsa ngati uli bwino iwe manyazi okhaokha. Khungu kutuwa, milomo kung'ambika. A zaumoyo kumeneko amalangiza kumwa vitamin D nyengo yonse yozizira, ndipo ife a khungu lakuda amati tizimwa chaka chonse. Tangoganizani, munthu wokulira padzuwa la ku Chileka kumakagula dzuwa la m'botolo ku famase.

Koma zonsezi ndikanapirira. Chimene chimandipsetsa mtima ndi ndalama, chifukwa abale kuno amangomva malipiro n'kuyamba kuwerengetsera mu makwacha, "eee ndiye ndinu mabwana", palibe wofunsa kuti hita imadya zingati. Nyumba yoyamba tinkakhala anthu angapo, lendi yophatikiza magetsi ndi gasi, mwini nyumba anatsekera kachipangizo kokwezera kutentha m'kabokosi ndi loko, kiyi kuyenda naye. Hita inkayaka kanthawi kochepa m'mawa ndi madzulo basi, iwe wa shifiti ya usiku ukafika kuti ugone masana uzidziwa wekha. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mitengo ya gasi inakwera moopsa mpaka boma la UK linapereka £400 pa nyumba iliyonse, yathuyo inathera m'thumba mwa bambo amenewo, ife sitinaione ngakhale fungo. Ndipo pa viza yathu analemberatu kuti thandizo la boma la anthu ovutika si lathu. Msonkho wokha ndiye amatidula limodzi ndi eni dziko, mxii.

Ndinasamukira kwina, kuli mita yolipiriratu, zofanana ndi mayunitsi a ESCOM omwewa kungoti mita zake ziwiri, ya magetsi ndi ya gasi. Ukayatsa hita umachita kuona mapaundi akutsika uli chiimire. Nde umayamba kuchita masamu a anthu osauka, kutenthetsa chipinda chimodzi chokha, kugona ndi botolo la madzi otentha, kuvala chipewa pabedi. Zochapa sungayanike panja, zingaume liti, umayanika m'nyumba momwemo, mawindo kumangotuluka thukuta, posakhalitsa kuseri kwa wadilopu kwachita chuku chakuda bii mpaka nsapato zako za kutchalitchi. Ukamuimbira mwini nyumba yankho lake ndi limodzi, muzitsegula mawindo. Mu Januwale? Nditsegule windo kutentha kumene ndagula ndi thukuta langa kukatenthetse mbalame panja? Ndipo chuku chimenechi si nkhani yoseka, ku Rochdale, tawuni ya ku England, mwana wa zaka 2 anamwalira mu 2020 chifukwa chopuma mpweya wa m'nyumba yotereyi.

Ndimawafotokozera achimwene anga zimenezi iwo kuseka, amvekere "iwe bwanji osangogula mbaula." Achimwene, ku Scotland kuyambira 2022 lamulo limati nyumba iliyonse ikhale ndi mabelu ochenjeza za utsi olumikizana, limodzi likalira onse alira, ine kungopsereza anyezi m'poto aneba atuluka kale m'makomo. Komanso makala m'chipinda chotseka amapha, konkuno timamva maliro ake nyengo yozizira, nanji uko mawindo ake osalowa ngakhale kampweya. Atamaliza kuseka anandikumbutsa za malata a nyumba yawo ya ku Machinjiri.

Amene amasokoneza anthu kwambiri ndi anzathu ena ojambulitsa mu snow. Ikangogwa atuluka, kumwetulira mano onse, chithunzi pa Facebook, inu kuno mitima m'mwamba. Sakuuzani kuti atangojambula anathamangira m'nyumba, sakuuzani kuti mawa lake imasanduka matope oterera, komanso ikagwa yambiri monga zinachitikira mu 2018 mabasi ndi sitima zimaima. Koma agogo ako a kuntchito akufunabe kusambitsidwa ndi kumwetsedwa mankhwala, nde umayenda wapansi, ukapanda kufika tsikulo palibe malipiro.

Paja kufupi ndi Glasgow kuli Blantyre wawo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, pa sitima ndi pafupi kwambiri. Ndinakaonako nthawi yozizira, nditaima m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mano akugundana ndinati bambo ameneyu za uthenga wabwino sitikana, koma china anathawa nyengo basi kkkk.

Nde inu amene mwandilembera kale mndandanda, wina foni wina fizi wina akuti jekete yangayi ndimusiyire pobwerera, pepani jekete ndibwerera nayo, ndinaigula mokwera ndipo ndikatsikira nayo pabwalo la ndege. Dziwaninso kuti mita zija zili ndi ndalama yake imene zimadula tsiku lililonse ngakhale osayatsa kanthu, moti panopa ndili kuno nyumba yotseka koma zikudyabe, ndikakafika ndiyambe kubweza ngongole imeneyo hita isanayake.