Kuwonjezera kilo imodzi si kuchira

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo titatuluka m'tchalitchi kuno ku Manchester, mayi wina anandiuza akumwetulira kuti mwana wawo wamkazi wabwerako kuchipatala. Mtsikanayo ndi wa zaka 19, akudwala anorexia, matenda aja oti munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa mpaka kutsala mafupa okhaokha. Wagonako masabata awiri basi. Madokotala anamupempha kuti akhalebe, iye n'kulira kuti akufuna kwawo, bambo ake n'kukamutenga. Bambowo akuti: "Wayamba kudya, wawonjezera kilo imodzi, zotsalazo amake amalizitsa ndi nsima."

Kilo imodzi! Amayi, kilo imodzi si kuchira. Matendawa amakhala m'maganizo, ndipo sikelo ikangoyamba kukwera m'pamene mantha amamugwira kwambiri wodwalayo. Nthawi imeneyo ndi imene amalonjeza chilichonse: ndizidya kunyumba, ndachira, anamwino akundizunza. Ndimagwira ntchito yosamalira odwala, mawu amenewa ndawamvapo kambiri. Amene akupempha kutulukayo ndi matendawo, akungobwereka pakamwa pa mwana wanu. Inu n'kumutsegulira chitseko?

Inde, m'wodi ndi mowawa: chakudya cha pa nthawi, kulondoledwa ukangomaliza kudya, sukulu kutsalira. Zimenezo tikuzidziwa.

Koma thupi loti lakhala ndi njala miyezi yambiri silidzazidwa ngati thumba la chimanga. Likayambanso kulandira chakudya, michere ya m'magazi yotchedwa fosifeti ndi potaziyamu imatha kutsika, mtima n'kusokonezeka. N'chifukwa chake kuchipatala amayeza magazi pafupipafupi. Kunyumba muyeza ndi chiyani, chipande? Pa matenda onse a maganizo, anorexia ili m'gulu la amene amapha kwambiri, ndipo wotuluka msanga nthawi zambiri amabwereranso ali woipirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata awiri si kudekha, kilo imodzi si kuchira, kumaliza mbale imodzi pamaso pa makolo si kuchira.

Ndipo inu azimayi a kumpingo, lekani zonena kuti awa ndi matenda a azungu. Mwanayu ndi wathu, wakula ndi nsima ya mgaiwa ngati ife. Dzulo lomwelo ndinamva wina akumukumbatira amvekere, "Eee, koma ndiye wanenepa, masaya abwerera!" Kwathu amenewo ndi mawu oyamikira, ndikudziwa. Kwa mwana ameneyu ndi mpeni. Ndinamuona nkhope itagwa, mbale ya mpunga n'kuibweza patebulo osakhudza.