Madzi athu tikuwaotchera pa mbaula

Okutobala akangofika, magulu a WhatsApp a m'madera muno mu Lilongwe amadzaza ndi funso limodzi: "Kwanuko akutuluka?" Wina amayankha kuti anabwera 2 koloko usiku, ongodontha, pofika m'bandakucha anali atapita. Kenako kumayamba kutukwana a madzi. Mkwiyowo ndi womveka, ndipo pali zambiri zoti iwowo ayankhe, makamaka mapaipi ophulika omwe amatha masiku akuthirira msewu. Koma ine maganizo anga ndi akuti gawo lalikulu la vutoli layedzamira pakhonde pathu pomwe, m'thumba la makala.

Madzi a mzinda uno amachokera mumtsinje wa Lilongwe, ndipo mtsinjewo umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Loyambalo linamangidwa mu 1966, Lilongwe asanakhale n'komwe likulu la dziko, pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mumzindawu. Khoma la damu loyambali analikweza zaka zapitazi, ndipo anachita bwino. Koma damu silibala madzi, limangosunga omwe mtsinje wabweretsa.

Amene anakulira kumudzi akudziwa zomwe mitengo imachita. Pansi pa mombo ndi msuku pamakhala masamba ofunda nthaka, mvula ikagwa imalowa pansi pang'onopang'ono, n'kumadzatulukira m'akasupe ndi m'madambo mpaka chilimwe chonse. Mukadula mitengoyo, mvula yomweyo imathamanga tsiku limodzi, yofiira, itanyamula dothi. Dothilo limakakhazikika pansi pa damu n'kulanda malo a madzi, ndipo madzi amatope amafuna mankhwala ambiri komanso nthawi yaitali kuti ayere. Ndiye timalira kawiri: mu Januwale matope, mu Novembala mtsinje wasanduka kamfuleni. Amene munali kuno mu 2016 mukukumbukira momwe madzi ankagawidwira mosinthanasinthana madera.

Tsopano dzukani m'mamawa mukaime pamsewu wa ku Likuni, cha pa Chinsapo. Muona njinga zikubwera mondondozana, iliyonse matumba atatu kapena anayi, osanjikizidwa mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, kukamwa kwa thumba kolukidwa ndi timitengo ndi luzi kuti lioneke lodzaza. Bamboyo sakupalasa, akukankha, malaya ali chonyowa ndi thukuta, patapata wake watha chidendene. Wayenda usiku wonse. Makalawo sakupita kumudzi ayi, kumudzi amaphikira nkhuni ndi zitsononkho. Akubwera kwa ife a ku Area 25, Kawale, Biwi, ngakhale kumipanda ya ku Area 47 komwe kuli kuka yamagetsi koma nyemba amaphikira panja poopa mayunitsi.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Malamulo a zankhalango anawakhwimitsanso mu 2020. Njinga zalandidwa, mauvuni aphwasulidwa, anthu amangidwa. Makala anasowapo pamsika? Amangokwera mtengo, basi. Munthu amene chimanga chake chinapsa ndi dzuwa, ngati momwe zinalili mu 2024 pomwe maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pangozi, simungamuopseze ndi unyolo wogula akumudikira ndi ndalama m'manja. Ndipo tisanamizane, njinga ndi zomwe timaziona. Malole odutsa usiku pamalodibuloko sakhala a anthu osauka.

Chimene chimandinyansa ndi malangizo omwe timapatsidwa pa wailesi madzi akavuta. Akuti tsekani mpopi potsuka mano. Akuuza ndani? Mayi wa ku Mtandire amene amagula madzi pakiyosiki ndi chigubu alibe mpopi woti atseke. Madzi omwe wasambitsira mwana amachapira matewera, otsalawo amakolopera, ndipo akatsalabe amawaza pabwalo kuti fumbi ligone. Ameneyo ndiye mphunzitsi wa kusamala madzi, sakufunika kumuphunzitsa. Malangizowo apite kwa amene amathirira kapinga masana dzuwa lili paliwombo, ndi kumalo otsukira galimoto komwe paipi imangotayira pansi mnyamata ali pa foni.

Ena akuti tisavutike, nyanja ilipo, paipi ya ku Salima ikadzatha zonsezi zidzakhala mbiri yakale. Ntchito imeneyi, ya kampani ya Khato Civils, takhala tikuimva kuyambira 2016, ndipo inenso ndikuifuna. Koma madzi sakwera phiri okha. Kuchoka kunyanja kufika kuno ndi mtunda woposa makilomita 100, chokwezeka, ndipo dontho lililonse lidzafuna magetsi olikankha. Afunseni anzathu a ku Blantyre, omwe madzi awo ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry: magetsi akathima, mipopi nayo imauma, ndipo bilu ya magetsiyo imathera mu bilu ya madzi. Magetsi akewo ndi omwewa ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe makina amavutika ndi matope ndi zinyalala zochokera kumtunda kopanda mitengo. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri, ndipo aliyense anathamangira mbaula. Kuthima kwa magetsi kumathetsa nkhalango, kutha kwa nkhalango kumathimitsa magetsi, ndipo mpopi uli pakati.

Sindikunena kuti mawa tonse titaye mbaula, tidya zosaphika? Gasi ndi wabwino koma silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yankhaninkhani pa kamodzi, pomwe makala umagula kajumbo ka lero lokha. Apa ndi pomwe boma ndi amalonda akanaikapo mtima: silinda yopereka pang'onopang'ono, ndi malo othira gasi wa ndalama yomwe munthu ali nayo m'thumba, pafupi ngati pogulitsira tomato. Makala achilolezo, ochokera ku mitengo yodzala ngati bulugamu, apezekenso m'misika ya m'makwalala, osati m'masitolo akuluakulu mokha. Ndipo inu amene malipiro anu amakwana kugula gasi koma mumati nsima ya pamakala ndiye imakoma, bwana, mkomedwe umenewo tikuulipira tonse.

Za anthu ozungulira Dzalanyama, iwo akusunga madzi omwe ambiri a iwo sakumwa n'komwe. Madamu ali kwawo, mipopi ili kwathu. Ine ndingalole kuti pa bilu yanga aonjezerepo kandalama koti kazilipira midzi imeneyo ikasamala nkhalango, kuti mtengo woimirira uziwapindulira kuposa wogwetsa. Koma ndalamayo izikafikadi kwa anyakwawa ndi anthu awo, tizimva maina a midzi yomwe yalandira. Isakathere m'maalawansi a misonkhano ya kunyanja.