Dera likalemera, amalemera ndani kwenikweni?

Ine malipoti oti "anthu a dera lakutilakuti pano akupeza ndalama zambiri kuposa zaka 20 zapitazo" amanditopetsa, chifukwa timangowomba m'manja osafunsa kuti anthu ake ndi omwe aja kapena ndi ena. Kalembera amawerenga amene wamupeza pakhomo basi, satsatira uja ananyamula katundu wake lendi itakwera.

Tangoganizani mabanja 10, lililonse limapeza 100 pamwezi. Asanu lendi yawakanika asamuka, m'nyumba zawo mwalowa ena opeza 500. Avereji yafika 300, lipoti nkumati dera latukuka katatu, chonsecho asanu otsala aja akadali pa 100 yomwe ija ndipo landilodi wawauza kale kuti mwezi wamawa awonjezere kangachepe.

Ku London kuli Notting Hill. M'ma 1950 kunali kwa amphawi, anthu ochokera ku Caribbean amene eni nyumba ambiri ankawakana kaamba ka khungu ankathinana m'tizipinda, chinyumba chimodzi kuchigawagawa, ndipo landilodi wina dzina lake Peter Rachman nde anatchuka ndi kudyera masuku pamutu anthu a lendi kumeneko. Mu 1958 kunabuka zipolowe, anyamata achizungu kuukira anthu akuda. Lero nyumba zomwezo ndi za mapaundi mamiliyoni. Nde mundiuze kuti akukhalamo ndi adzukulu a anthu aja? Ena akadali m'derali inde, makamaka m'nyumba za khonsolo, koma avereji imawameza. Grenfell Tower, nyumba yosanja ya maflati imene inapsa mu 2017 n'kupha anthu 72, inali pansi pa khonsolo yomweyo ya Kensington and Chelsea, yomwe pa pepala ili m'gulu la madera olemera kwambiri ku UK.

Pomwe Hillbrow ku Johannesburg zinayenda chobwerera. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linati kumeneko ndi kwa azungu okha, Ponte, nyumba ya maflati ya nsanjika 54 yomwe ili ku Berea pafupi ndi Hillbrow, inatha kumangidwa mu 1975 ndipo kukhalamo kunali kwa apamwamba. Chakumapeto kwa ma 1970 amwenye ndi makaladi anayamba kulowa mozemba, kenako anthu akuda, lamulo lija nkudzathetsedwa mu 1991. Apa nde pomwe anthu amakonda kunena kuti obwera anawononga dera, ine ndimakana. Makampani anali atayamba kale kuthawira ku Sandton, dera la kumpoto kwa Johannesburg, mabanki ankakana kupereka ngongole zogulira maflati kumeneko, eni nyumba ambiri ankangotolera lendi koma lifti ikafa osakonza, paipi ikaphulika osakonza, nde anthu pofuna kukwanitsa lendi nkumagawana chipinda chimodzi ndi makatani. Munthu wa lendi angakonze bwanji lifti ya chinyumba chomwe sichake?

Sindikuti dera lisamasinthe ayi, anthu amabadwa, amakalamba, ana akakula amachoka, zimenezo nzachidziwikire. Msewu wabwino ndi magetsi aliyense amazifuna. Koma amene mumalemba malipotiwa chonde muzitiuzako zinthu ziwiri izi: mwa mabanja amene analipo pa kalembera wapita uja atsala angati, komanso pa ndalama imene munthu wotsikitsitsa amapeza, lendi ikumudyera zingati. Zopanda zimenezo musativutitse ndi avereji yanuyo.