Kulandira mlendo wogona: za kumudzi ndi za kuno ku Harare

Ife Amalawi a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, amene makolo athu ambiri anafika mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, makamaka m'zaka za chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, timalandira alendo ochokera kumudzi kawirikawiri, ndipo m'nyumba zathu mumakumana miyambo iwiri.

Mlendo amene watsika basi pa siteshoni ya Roadport atadzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda amafika ali wolefuka. Ku Malawi munthu wotere amamulandira katundu, moni amakhala wachidule, kenako mayi wapakhomo amakaika madzi otentha kubafa n'kudzagwada kumuuza kuti akasambe. Safunsidwa ngati ali ndi njala. Nkhuku imaphedwa, ndipo nthutumba iyenera kupezeka m'mbale yake, chifukwa ikasowa amaona ngati nkhukuyo sanaphere iye.

Anzathu Achishona nawonso amapha nkhuku, nthutumbayo amaitcha chikanganwahama, koma mtima wawo uli kwambiri pa malonje. Mlendo amakhazikika kaye, aliyense wa m'nyumba amabwera kudzamuombera m'manja, ndipo asanagone amakhala atafunsidwa mutupo wake, womwe ife timati chiwongo. A Phiri amauzidwa kuti ndi a Soko, ndipo pomwepo amapeza malume kapena azakhali m'nyumba imene sanaipondepo chibadwire. Apa ndikuvomereza kuti anzathuwa anatiposa, pakuti munthu amene wapatsidwa chibale sagona mwamanyazi, ndipo m'mawa akafunsidwa kuti "Marara sei?" (mwagona bwanji?) amayankha ngati mwana wapakhomo.

Koma pa nkhani ya madzi sindingagonje. Mipopi ya kuno imatha masiku ili youma, magetsi nawo amazimazima, moti ndowa imodzi ya madzi otentha m'nyengo yozizira ya mwezi wa June imatanthauza kuti wina anadzuka m'bandakucha kukaima pamzere kumjigo. Mabanja ena anasiya mwambowu, amangomulozera mlendo pamene pali ndowa, ndipo sindiwaimba mlandu kwenikweni. Komabe mayi anga, omwe anabadwira ku Dedza, amasunga chigubu cha malita 20 cha alendo okha, chimene ana saloledwa kuchikhudza ngakhale m'nyumba mutasowa madzi otsukira mbale.

Za malo ogona n'zofanana konsekonse: ana amasamukira pabalaza, mlendo n'kutenga bedi ndi bulangeti labwino. Chimene chinasintha ndi kamba wa paulendo. Ku Dedza mlendo amabwerera ndi mbatata ya kachewere ndi mtedza wa kumunda, pamene ife, opanda minda, timamuperekeza mpaka ku Roadport titamugulira buledi ndi botolo la chakumwa cha Mazoe.