Bakha wotsimphina musamuthamangire ndi mpeni

Pali chizolowezi chimene ndimachiona pakati pa ife oweta abakha, ndipo chimandipweteka mtima. Bakha akangoyamba kutsimphina kapena kukhala pansi osafuna kuyenda, timathamangira kunena kuti ndi chitopa. Ena amati wapondedwa, ena amangoti abakha ndi mmene amayendera. Mawa lake mpeni uli pakhosi. Komatu chitopa chimasesa nkhuku, abakha kawirikawiri sichiwagwetsa choncho. Pa abakha ovutika miyendo amene ndawaona, ambiri vuto lawo linali pa zimene amadya ndi pamene amaponda, ndipo zonse ziwirizi zili m'manja mwa mwini wake.

Ambirife timadyetsa abakha madeya, mitama ndi mikute ya nsima, basi. Amene ali ndi kandalama amagula chakudya cha anapiye a nkhuku n'kumati athana nazo. Koma bakha si nkhuku. Pali vitamini wina wotchedwa niacin, kapena B3, amene mwana wa bakha amamufuna wochuluka kuposa mwanapiye. Akatswiri a zakudya za ziweto amawerengera mamiligalamu pafupifupi 55 pa kilogalamu iliyonse ya chakudya cha abakha, pamene anapiye a nkhuku za nyama amakwanira ndi 35. Thupi la nkhuku limatha kudzipangirako niacin wina kuchokera ku zakudya zomanga thupi, pamene la bakha silichita bwino ntchito imeneyi. Kuwonjezera apo, tiana ta abakha timakula msanga kwambiri, thupi limalemera mafupa asanakhwime.

Vuto la chimanga ndi lakuti niacin alimo ndithu, koma ndi womangika, thupi limalephera kumuyamwa. Izi si za abakha okha ayi. Mu 1990, abale athu othawa nkhondo ku Mozambique amene ankakhala m'misasa kuno ku Malawi, monga ku Nsanje, anadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin, anthu zikwizikwi, khungu kuda ndi kusupuka m'khosi ndi m'mikono, chifukwa ankadalira chimanga pa nthawi imene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ngati chimanga chokha chinafooketsa anthu akuluakulu, nanga kamwana ka bakha ka milungu itatu kapirira bwanji?

Mukakaona kabakha kosowa niacin simungakaiwale. Kamayamba ndi kukhala pansi pafupipafupi, anzake akuthamangira ku madzi iko kamayenda pang'ono n'kukhala, kuyenda pang'ono n'kukhala. Kenako mawondo amatupa, miyendo imapindika kukhala ya matewe, ndipo kakaimirira imanjenjemera. Zikafika poipa kamakwawa ndi mawondo, kukankha ndi timapiko kuti kafike pa mbale. Chomvetsa chisoni n'chakuti maso amakhala ali gwa, ndipo kamadya bwinobwino mukakasendezera chakudya. Chilakolako chakudya chimenechi ndicho chiyenera kukuuzani kuti mwina si mliri, ndi njala yobisika.

Mankhwala ake ambiri ali m'khitchini mwathu. Usipa, bonya kapena matemba osinja ali ndi niacin wambiri. Nsinjiro nazonso. Sakanizani pang'ono m'madeya onyowa tsiku lililonse, muwazemo masamba oduladula, bonongwe, chisoso kapena nkhwani. Amene ali m'tauni angathe kupeza yisiti wouma wofululira mowa, amene oweta abakha m'maiko ambiri amadalira, kapena mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi. Pogula, tembenuzani paketi muwerenge ngati palembedwa niacin kapena nicotinamide, musangotengera chithunzi cha nkhuku yonenepa. Ndipo atulutseni abakhawo azikafunafuna okha nyongolotsi, chiswe ndi nkhono. N'chifukwa chake abakha akumudzi oyenda kudambo nthawi zambiri amakhala ndi miyendo yolimba kuposa otsekeredwa kuseri kwa nyumba ku Ndirande kapena ku Area 25.

Pa mtedza ndichenjeze kwambiri. Tili ndi chizolowezi chosankha mtedza wabwino kudya ife, wofumbwa ndi wowola n'kutayira ziweto. Musatero kwa abakha, chonde. Chuku cha mu mtedza ndi m'chimanga chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo tiana ta abakha tili m'gulu la ziweto zimene sizipirira poizoni ameneyu ngakhale pang'ono. Mtedza umene inu simungadye, bakha asadye. Chimodzimodzinso madeya onunkha chinyontho.

Chakudya cha nkhuku zoikira mazira musapatse tiabakha tating'ono, kashiamu wake, mchere wolimbitsa mafupa ndi zikamba za mazira, ndi wochuluka kwambiri ndipo amawononga impso. Bakha wamkazi amene akuikira ndiye mumupatse zikamba za mazira zowotcha ndi kusinja.

Tsopano za mapazi. Ndi angati mwa ife amene tinanyamulapo bakha n'kutembenuza phazi lake kuona kunsi? Phazi la bakha linalengedwa kuti lizipalasa madzi ndi kuponda matope ndi udzu. Khungu lake ndi lofewa. Ife timamuika pa simenti yokhakhala, pa waya, kapena pabwalo la miyala ndi magalasi osweka. Abakha athu ofiira kumaso aja ndi olemera, makamaka amphongo, ndiye thupi lonselo limatsamira pa kachikopa kameneko tsiku lonse. Kakang'ambika pang'ono, tizilombo ta Staphylococcus timene timakhala m'zitosi ndi pakhungu timalowa. Mukatembenuza phazi mupeza kankhanambo kakuda kozungulira pakati penipeni, pozungulira pake potupa, potentha mukakhudza. Bakhayo amaima ndi mwendo umodzi, winawo ataupinda m'nthenga.

Mukazipeza msanga sizivuta. Viikani phazilo m'madzi ofunda othira mchere kwa kanthawi, m'mawa ndi madzulo, pukutani, pakani ayodini, mangani ndi kansalu koyera kosathina, ndipo musungeni pa udzu wouma kapena mankhusu a mpunga mpaka balalo lipole. Koma chotupa chikakula musachifinye, ndiponso musatenge lezala. Mafinya a mbalame sakhala amadzimadzi, amauma n'kukhala chibuluma cholimba mkati, ndiye kufinya kumangomuzunza osatulutsa kanthu. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene angachichotse mwaukhondo n'kukuuzani mankhwala oyenera. Mukazengereza, tizilomboto timakwera mpaka mu mfundo ndi m'fupa, ndipo pamenepo kuchira kumavuta.

Chakudya chimalowanso pa nkhani ya mapaziyi. Vitamini A ndi amene amalimbitsa khungu, ndipo chimanga chathu choyera chilibe vitamini ameneyu wokwanira. Bakha wodya madeya okha khungu lake limang'ambika msanga, balalo n'kumachedwa kupola. Dzungu, masamba obiriwira, mbatata yofiira mkati ndi chimanga chachikasu zimathandiza pamenepa.

Ndimamva ena akunena kuti zonsezi ndi zachizungu, bakha ndi ndiwo chabe. Ine sindikukana kuti ambiri timawetera nyama ndi mazira. Koma ngakhale bakha wa ndiwo amamva ululu, ndipo pamene tamutsekera m'khola tamulanda mwayi wodzifunira yekha zimene thupi lake likusowa. Ngongole imeneyo ndi yathu. Palinso makomo ambiri masiku ano kumene bakha ali ndi dzina, ana amamuitana iye n'kubwera akugwedeza mchira. Ana amenewa amaona mmene timachitira ndi chiweto chikadwala.

Madzi musawamane. Beseni lakuya moti bakha n'kumiza mutu wonse ndi lofunika, ndipo kwa wodwala miyendo kusambira kumamupumuza chifukwa thupi limayandama, miyendo n'kumatakataka popanda kulemedwa. Kofooka musakasiye kokha m'madzi, kangathe kumira. Khalani pomwepo, kakatopa mukatulutse n'kukapukuta. Pogona ndiye pazikhala pouma nthawi zonse, muzisintha udzu ukanyowa.

Kabakha kosowa niacin mukakathandiza miyendo isanapindike kwambiri, nthawi zambiri kamayamba kuimirira pakapita masiku ochepa. Koma mafupa akakhwima ali opindika sawongokanso. Wotereyo mumuikire chakudya ndi madzi pafupi, pansi pofewa, ndipo mumupatule kwa amphongo amene amakonda kukwera ofooka.