Musamunyoze mwana amene wasankhidwira sociology

Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, funso limakhala lomwelo, kaya m'minibasi ya ku Luwinga kaya pa msika wa Taifa: "Sociology? Nanga akamaliza adzagwira ntchito yanji?" Makolo ena mpaka amauza mwana kuti akalembenso mayeso a Fomu 4 kuti mwina apeze unamwino. Zimenezi zimandiwawa, abale, chifukwa maphunziro amenewa, ofufuza momwe anthu amakhalira pamodzi, Mzuzu wathuyu akuwafuna kwambiri.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzinda muno, ndipo tikuchulukirabe. Pitani ku Masasa mukaone nyumba zomangidwa m'mbali mwa phiri, ina pamwamba pa inzake, chimbudzi cha uyu chikuyang'ana khonde la uyo. Mu Epulo 2016 mvula inagwetsa nyumba zambiri muno ndipo anthu anafa. Injiniya angathe kuyeza dothi n'kunena kuti pano posamanga. Koma chomwe chimabwezera anthu pa malo omwewo mvula ikatha, amachipeza ndi munthu amene anaphunzira kukhala pansi ndi anthu, kufunsa mwadongosolo khomo ndi khomo, kenako n'kuwerengera mayankho. Akatero ndi pamene zimadziwika kuti wina malowo anagula ndi ndalama zake zonse, wina ganyu wake ali m'tauni ndipo alibe ya kabaza tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya ku Joni ndiyo imandikhudza kwambiri. Agogo athu ankapita pa Wenela, bungwe lotengera anthu ku migodi ya kumeneko, mpaka 1974, pamene Kamuzu analetsa maulendowo, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Lero Wenela kulibe, koma anyamata a ku Mzimba ndi Nkhata Bay akupitabe, ena atasiyira sukulu panjira. Kumudzi mumapeza nyumba ya malata yokongola, solala padenga, koma mayi akulera ana yekha zaka ndi zaka. Bambo akamwalira konko, funso la ana ndi munda limayankhidwa ndi mwambo wa lobola, wosiyana kutalitali ndi chikamwini cha ku Dedza kapena ku Zomba. Munthu wolemba pulojekiti yothandiza amayi amasiye osadziwa kusiyana kumeneku amangotaya ndalama, ndipo ovutika ndi amayi omwewo. Ana athu obadwira kuno, odziwa Chitumbuka ndi Chitonga, ndi amene angafufuze izi bwino kuposa mlendo woyenda ndi womasulira.

Za ntchito, zoona, n'zovuta. Palibe ofesi imene imadikira pa chipata ngati momwe chipatala chimafunira namwino. Koma Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafuna anthu odziwa kuzindikira mabanja osaukitsitsa mwachilungamo. Ofesi ya kalembera ku Zomba ndi Centre for Social Research, nthambi ya yunivesite ya Malawi, zimayendera kafukufuku. Maofesi osamalira anthu m'maboma, makhonsolo ndi mabungwe omwe si aboma, konseko kumafunika luso limeneli.

Iwe mng'ono wanga amene wasankhidwa, usakangoloweza mayina a Durkheim ndi Weber, akatswiri akale a sociology, kuti ukhoze mayeso. Phunziro la statistics, limene ambiri amalithawa, uligwire ndi manja awiri, chifukwa ndi limene lidzakusiyanitse ndi anzako pofunsira ntchito. Phunzira kukonza mafunso omveka kwa gogo wa ku Ekwendeni, kulowetsa mayankho mu kompyuta ndi kulemba lipoti losazungulira. Pa holide usangokhala pakhomo. Pempha malo ngakhale osalipidwa, uyende ndi anthu ochita kafukufuku. Ndipo chaka chomaliza chikafika, mutu wa kafukufuku wako uutenge kuno kwathu: mabanki m'khonde a amayi a ku Chibavi, anyamata a kabaza a ku Zolozolo, kapena ana amene bambo awo amawadziwira pa WhatsApp pokha.